Epuloni Yobiriwira

Anthu a pamdadada anawapatsa dzina loti Mayi Tiwonetsetse chifukwa sankagula ngakhale dzira osayamba aligwedeza pakhutu. Ndiye tsiku limene mwana wawo wamkazi, yemwe ankagwira ntchito pa thilu m'supamaketi ya pamphambano, anabwera akumwetulira n'kunena kuti sitoloyo ikubwerera ku dzina lake lakale la Dengu Lodzala, mayiwo sanaombe m'manja. Anangosiya kusita n'kufunsa kuti dzina loti linafa kalekale akulifukuliranji.

Mwanayo anafotokoza kuti eni ake atsopano aona kuti anthu amalikondabe dzinalo. Makoma apakidwa penti yobiriwira ngati kale, ndipo mawa lake aliyense akapereke epuloni yake yabuluu kuti telala amuyeze yobiriwira.

Apa m'pamene mtima wa mayiwo unapita pena. Iwo anagwirapo ntchito ku Dengu Lodzala weniweniyo, mano akadali onse m'kamwa. Pamene dzinalo linkachotsedwa, nawonso anauzidwa kuti apereke maepuloni awo kuti alandire atsopano. Anzawo anapereka akuseka. M'mawa mwake mlonda ankalowetsa okhawo ovala epuloni yatsopano, ndipo maepuloni atsopanowo anali ochepa. Palibe amene anauzidwa pamaso kuti ntchito yatha, anangozindikira ali panja. Iwo yawo anakana kupereka. Ntchito inathabe, koma anatuluka ndi kanthu m'manja, ndipo mpaka pano epuloniyo inali pansi pa zovala mu sutikesi.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anatero mayiwo. "Epuloniyo usakapereke."

Mwanayo anaseka n'kunena kuti amayi ake amakayikira ngakhale chithunzithunzi chawo chomwe. Koma ntchito imeneyi ndi imene inkasunga banja lonse, kuphatikizapo mdzukulu wa kusukulu, ndiye mayiwo sakanangopinda manja. M'mawa, mwanayo ali kubafa, anaanula epuloni yabuluu pachingwe n'kuilowetsa mu sutikesi muja. Mwanayo anafunafuna, anatembenuza makushoni, ananamizira ana a neba, mapeto ake anapita opanda.

Sipanatenge nthawi, anabwerera maso ali psuu. Manijala anali atamubweza, ati wopanda yakale sayezedwa, ndipo telala achoka masana. Mwanayo anangokaima kutsogolo kwa sutikesi ija.

"Amayi, amene mukundichotsa ntchito ndinu, osati iwowo."

Mawuwo anawalasa mayiwo, chifukwa munali choonadi. Anatsegula sutikesi mwamanyazi, n'kutulutsa maepuloni onse awiri. Anati apitira limodzi, akaone ndi maso awo.

Kusitolo anapeza amisiri ali pamakwerero akupala penti yabuluu, ndipo pansi pake zilembo zakale zinkaoneka mwa apo ndi apo. Mwanayo analoza mokondwa. Mayiwo sanachedwe nazo, maso awo anathamangira m'kati. Pamene panali mzere wa mathilu panali patatsala imodzi yokha, pakona. M'malo mwa enawo munaima zinthu zitalizitali zokutidwa ndi pulasitiki. Anakweza pulasitikiyo pang'ono n'kuona galasi ndi kabowo kolowetsa khadi. Anayang'ana kumbuyo kwake, mpando panalibe.

Manijala, bambo wa tayi yonyezimira amene ankamwetulira asanamve n'komwe funso, anafika mofulumira. Anati amenewo ndi makina oti kasitomala azidzilipirira yekha, koma pasakhale wodandaula, palibe amene achotsedwe. Antchito a pa thilu aziima pambali n'kumathandiza anthu mpaka atazolowera.

"Nanga akazolowera?" anafunsa mayiwo.

Koma maso a manijala anali atagwera kale pa nsalu yobiriwira imene inkasuzumira m'chikwama chawo. Anati akhala akufunafuna epuloni yeniyeni yakale, yokhala ndi kadengu kopeta pachifuwa, kuti ikongoletse khomo. Mayiwo anaigwira zolimba. Anaipereka pokhapokha ataona tepi ya telala itazungulira m'chiuno mwa mwana wawo, ndipo ngakhale pamenepo zala zinkakana.

Tsiku lotsegulira kunali mabaluni ndi kanyimbo kakale kotsatsira malonda. Nkhalamba zina zinkapukuta misozi, zikuuza adzukulu kuti kuno ndi kumene zinkagula masiwiti. Pakhomo panaima chidole chachikulu chitavala epuloni ya Mayi Tiwonetsetse. Mayiwo anachiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kudziuza kuti ameneyu ndiye wantchito amene eni sitolo amamulakalaka, wosadwala, wosapempha tchuthi.

Mwana wawo anali pambali pa makina aja, atavala yobiriwira ya nsalu yopyapyala. Ankaphunzitsa bwino kwambiri, ndipo zimenezo n'zimene zinkawawawa mayi ake. Ankamugwira munthu dzanja, kumuonetsa pamene pali timizere takuda pa katundu, makina n'kulira kamodzi, munthuyo n'kuseka. Aliyense akanena kuti zikomo, ndadziwa tsopano, mayiwo ankamva ngati wina wachotsa njerwa pa nyumba yawo. Pakutha pa sabata, anthu ambiri ankangomudutsa mwanayo osamuyang'ana, iye ataima manja ali kumbuyo. Manijala naye ankaima chapatali n'kumamuyang'ana, kumwetulira kuja kutachepa.

Tsiku lina mayiwo anatenga sopo mmodzi n'kupita pa makina. Anthu a msinkhu wawo ankakumbukirabe kuti pa thilu ya Dengu Lodzala panalibe wa zala zothamanga ngati iwo. Koma tsiku limeneli anazondotsa sopoyo, anaphimba timizere tija ndi chala, anadina pamene sipadinidwa. Makina anayatsa getsi lofiira n'kuyamba kulira. Kumbuyo kwawo mzere unakula, anthu n'kumang'ung'udza. Mwanayo anabwera chothamanga.

"Amayi, si dzulo lomweli ndinakuonetsani?" ananong'ona.

"Ndakalamba, mwanangu, mutu sukugwira," anayankha mokweza kuti manijala amve. "Popanda iwe ine muno sindingagule kanthu. Mawa ndibwera ndi anzanga a pamdadada. Amenewo ndiye usanene, sadzazolowera mpaka kufa."

Mwanayo anatsegula pakamwa kuti awadzudzule, kenako anaona maso awo, owala ndi ochenjera ngati kale. Anayang'ana manijala, anayang'ananso mzere uja. Anagwira dzanja la amayi ake limene linali ndi sopo, n'kuyambiranso kuwaonetsa pang'onopang'ono, ndipo amayi akewo analakwitsanso.