Mankhwala a Lino mu chitini cha mbewu

Mlongo wanga Lino adayamba kumva mawu mu 2019. Ankati pali anthu akumunena pansi pa nthaka. Kwathu ku Ntengo-Wambalame wodwala wotere amamangidwa, ndiye amalume athu a Atanásio adamumanga pa mzati ndi chingwe cha ng'ombe. Zipsera zikadalipo m'manja mwake.

Ine Teresa ndidamutengera ku chipatala. Adatipatsa makomprimidu oti azimwa tsiku lililonse. Patatha miyezi itatu Lino adabwerera kumunda wa kachewere, ankasamba yekha, ankaseka ndi anzake.

Apa ndi pamene tidalakwa. Amayi ataona kuti mwana wachira, adasiya kumpatsa. Otsalawo adawasunga mu chitini cha mbewu ya nyemba, ati adzathandiza tsiku loipa. Sadachite mwankhanza. Kwathu chinthu chabwino sichitha chonse, timasiyako mbewu. Ine ndidali ku Furancungo kwa amuna anga, sindidadziwe.

Chaka chisanathe, uthenga udandipeza kuti Lino wazula mizere isanu ndi umodzi ya kachewere, akufuna anthu a pansi aja. Ndidafika ndi mota, njinga yamoto, ndikupeza amalume ali ndi chingwe m'manja.

"Amalume, chingwe chimenecho n'cha ng'ombe. Chibwezeni ku khola."

Amalume adati ndikudzimva chifukwa ndakhala ku vila, m'tauni, ndipo akandimenya ndisadzalire. Lino ndidamukweza pa mota pakati pa ine ndi woyendetsa.

Tekiniku wa ku chipatala, a Gilberto, sadatikalipire. Adati mu ubongo muli timadzi tonyamula uthenga, tina amatitcha serotonina, tina dopamina. Mwa Lino uthengawo umasokonekera, ndipo mankhwala amaugwira pang'onopang'ono. Matendawa ndi a zaka, si malungo oti wamaliza mankhwala basi. Ukasiya amatha kubwerera, nthawi zina movuta kuposa kale. Adati ngakhale madotolo sanadziwe zonse za serotonina ameneyu, akufufuzabe.

Ndidakhala kwathu miyezi inayi, ndikumpatsa ndekha. Mawu aja adachepa. Kenaka m'mawa wina ndidapeza amayi akutsegulanso chitini chija, makomprimidu atsopano ali m'dzanja, akufuna kuwasungamo. Adati onani, wanenepa, akulima, tikumwetseranji munthu wabwinobwino.

Za serotonina ndidayesa kufotokoza, koma zidandithawa pakamwa. Ndidangoti tiyeni kumunda.

Tidapeza Lino ali ndi bomba kumsana, akupopera kachewere. Masamba adali obiriwira, opanda banga ndi limodzi lomwe.

"Amayi, muuzeni asiye. Kachewereyu ali bwino, akuwononga mankhwala."

"Wapenga iwe? Ukadikira chiwawu chioneke, munda wapita."

Ndidangoloza Lino ndi chala. Amayi adayang'ana masamba, adayang'ana Lino. Lino adatifunsa ngati tabwera kudzathandiza kapena kudzaonerera ngati mafisikali oyendera ntchito, poti madzi a mu bomba atha ndipo chidebe chili pomwepo.

Titabwerera kunyumba amayi adakhuthula chitini pa lichero, nasankha makomprimidu pakati pa nyemba. Akalewo ndidawabweza ku chipatala. Atsopano adawaika pa windo, pafupi ndi mchere, pamene dzanja limafika tsiku lililonse.

Tsopano papita zaka zitatu. Masiku ena Lino amamvabe mawu chapatali, ndipo amatiuza. Mankhwala amamulemetsa thupi, amadandaula, koma amamwa. Tsiku la konsulta ya ku chipatala likayandikira, amayi ndi amene amandiimbira foni kuti ndisaiwale kubwera ndi mota.