Njinga Yopanda Mawu pa Masamba a Maliro

Tsiku limene Wilfred anafika ndi njinga yamagetsi pa siteji ya akabaza pa Namitete, anzake anaseka mpaka kugwira nthiti. Njinga yanji yopanda thanki, yopanda utsi, yongobwera mwakachetechete ngati mphaka? Woyambitsa chiseko anali Felix, mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake Benedeta. Felix ameneyu akaliza injini pa siteji, nkhuku za tsidya la msewu zinkabalalika, ndipo iye ankanyadira zimenezo.

"Alamu, iyi ndi ya afiti," anatero Felix. "Njinga izimveka, anthu adziwe kuti kukubwera mwamuna. Nanga magetsi akathima, mudzaiphikira phala?"

"Magetsi amathima, dzuwa silithima," anayankha Wilfred, amene ankatchaja batire pa sola ya ku parishi. "Petulo wanuyo amachokera kutsidya kwa nyanja, wanga amagwa padenga. Zaka zikubwerazi tiona amene adzakankhe."

Chifukwa chenicheni chimene anagulira njingayo sankachitchula pa siteji, ndipo Felix, ndi pakamwa pake ponsepo, sankachikhudza. Chaka chathacho petulo atasowa, Benedeta matenda a uchembere anamuyamba njinga yakale ili pakhonde, thanki ili gwa. Anamutengera kuchipatala pa ngolo, ndipo ng'ombe sizidziwa changu. Mwana anabadwa wosalira. Anakamuika azimayi okhaokha, popanda nyimbo, ndipo Wilfred sanaione nkhope yake. Zinamupweteka kwambiri, ndipo analumbira kuti sadzadikiranso thankala ya petulo mkazi wake akubuula.

Chaka chino petulo anasowanso, ndipo Benedeta anali ndi pathupi pena. Anamwino a ku chipatala cha mishoni anali atawachenjeza kuti mwana sanakhale bwino m'mimba, matenda akangoyamba asachedwe ngakhale pang'ono. Anakonza zoti apite kuchidikiro sabata yotsatira, koma mwana sanamve nawo za pulogalamuyo. Lachitatu cham'mawa Benedeta anagwira chitseko n'kunena motsitsa, "Inu, yakwana."

Wilfred sanachedwe. Batire linali lodzaza, pakuti masiku amenewo sankagona lisanadzaze. Anayala bulangete pampando, anamukhazika mkazi wake cham'mbali, n'kumumangirira m'chiuno mwake ndi chitenje. Ananyamuka.

Anadutsa madimba, anawoloka dambo, zonse zili bwino. Koma atafika patsinde pa chitunda cha mudzi wotsatira, Wilfred anaimitsa njinga. Pamsewu panali patayalidwa masamba aawisi kuchokera mbali ina kufika ina. Kunali maliro.

Aliyense wa kuno amadziwa za masamba. Ukawapeza umatsika, umavula chipewa, ngati uli pa njinga yamoto umazimitsa injini n'kukankha mpaka utadutsa masamba achiwiri. Ndipo siwa inali pamsewu penipeni, pakati pa chitundacho, pamene mchenga umameza matayala. Njira ina inalipo, yozungulira kumunsi, koma inali yaitali moti kunali kubwereza za ngolo zija.

Munthu wachikulire anatuluka pansi pa mtengo wa mango, khasu lili paphewa. Anali a Stephano, mkulu wa adzukulu okumba manda m'mudzimo, munthu amene anthu ankati sanasekepo chibadwire.

"Masamba simukuwaona, achimwene? Zimitsani, mayiwo atsike."

"Pepani bambo, sangatsike. Ndi matenda a azimayi, ndipo mwana sanakhale bwino."

A Stephano anayang'ana Benedeta, amene anali ataluma mlomo, thukuta lili kamukamu. Sanali munthu woipa ayi, koma mwambo anaugwira ndi manja awiri.

"Akhale pompo, inu mukankhe. Koma injini ndiye ayi. Thupi likadali m'nyumbamo, ndipo anyamata oti akuthandizeni onse ali kumanda."

Kukankha njinga yolemera, pali mayi wapakati, pachitunda cha mchenga, munthu mmodzi? Felix akanakhala pamenepo ndi chiphokoso chake chija, akanayenera kusankha pakati pa kunyoza maliro ndi kutaya mwana. Wilfred anamasula chitenje, anatsika, anavula chipewa chake cha njinga n'kuchikoloweka pa handulo.

"Bambo, ndatsika ndipo ndavula. Tsopano mvetserani, mukamva injini mundiimitse."

Anapotoza handulo pang'ono chabe. Njinga inayamba kukwera yokha, iye akuyenda pambali pake, dzanja lina litachirikiza mkazi wake. Chimene chinkamveka ndi mchenga wokha pansi pa matayala. A Stephano anatsatira pambuyo atapendeketsa mutu, akusakasaka phokoso loti aligwire.

"Kodi yayaka?"

"Yayaka kalekale, bambo."

A Stephano anakanda m'mutu, kenako anatsitsa khasu n'kupita kutsogolo, akukupiza dzanja kuti anthu apatuke.

Pasiwa azimayi a mpingo anali pakati pa nyimbo. Anatembenuka onse kuona chodabwitsacho, koma nyimbo sinaduke, pakuti panalibe choidula. Mayi wina wachikulire, maso atatupa ndi kulira, anadzuka pamkeka, anabwera n'kuika dzanja pamsana pa Benedeta. Anayenda nawo choncho mpaka pa masamba achiwiri, pamwamba pa chitunda.

"Kwerani tsopano, mwanangu," anatero mayiwo kwa Wilfred. "Kuno kwatha kale. Thamangirani uyo akubwerayo."

Apa ndiye njinga inaonetsa chimene inali. Aja ankati ndi chidole akanaiona ikudya msewu wafumbi, akanameza mawu awo. Atalowa pa tala anadutsa pa filing'i siteshoni, pamene mzere wa magalimoto ndi njinga unali utapinda mpaka kuseri kwa magolosale. Felix anali momwemo chigonere dzulo, atatsamira njinga yake youma. Anangoona chitenje cha mlongo wake chikudutsa, osamva kanthu. Anasiya njinga pamzere pomwepo n'kuyamba kuthamanga wapansi.

Atafika kuchipatala, Felix anamupeza Wilfred atakhala pabenchi panja pa chipinda cha amayi oyembekezera. Benedeta anali atalowa kale kokachitidwa opaleshoni. Awiriwo anakhala osayang'anana. Tsopano ndi pamene mantha anamugwira Wilfred, pakuti benchi yake inali yomweyi ya chaka chatha, ndipo chimene ankachiopa kwambiri chinali bata la kuseri kwa chitsekocho.

Dzuwa litapendeka, mawu anatuluka. Anali mawu aukali, a munthu wokwiya kuti amusokoneza, ndipo anamveka mpaka kukhitchini ya odikirira odwala. Namwino anasuzumira n'kunena kuti ndi mtsikana, ndipo amake ali bwino. Wilfred anaphimba nkhope ndi manja, analira osachita manyazi.

Felix anapukuta m'maso ndi kolala ya shati. "Uyu ndiye watengera kwathu, injini yake ikumveka," anatero. Kenako anatsokomola, akuyang'ana pansi. "Alamu, amayi athu kumudzi sanamve. Tandibwerekani ya afiti ija ndikawatenge."

Wilfred anapisa m'thumba n'kumupatsa kiyi.

"Pachitunda paja pali maliro. Mukafika pa masamba mutsike, muvule chipewa. Ndipo mukawauze mayi achikulire a pasiwa amene anatiperekeza kuti mwana wafika, ndipo walira."