Chiphaso cha Rahab Chili ku Chelinda

Rahab Mhango anaima pamzere kuyambira m'mawa pasukulu ina kufupi ndi Njakwa, dzuwa likumuswa mutu. Ankafuna kulembetsa m'kaundula wa ovota. Mjigo wa m'mudzi mwawo unafa kalekale, khansala akungolonjeza, ndipo Rahab anali atalumbira kuti ulendo uno avota ndithu.

Atafika patebulo, anatulutsa khadi la Umanyano, gulu la amayi a kumpingo.

"Amayi, tikufuna chiphaso cha unzika," anatero mtsikana wolembayo.

"Dzina langa si ili apa? Ngakhale abusa anasainapo!"

"Pepani chomene, lamulo likufuna chiphaso. Ndipo kalembera tikutseka Loweruka."

Chiphaso Rahab anali nacho, koma chinali m'thumba mwa mwamuna wake Hezron, wophikira alendo ku Chelinda, pamwamba pa Nyika. Bamboyu ankasunga yekha mapepala onse a pabanja, ati amayi amataya zinthu. Chonsecho mwini wakeyo ankatha kufunafuna chipewa chili kumutu.

Rahab anabwerera kunyumba akulankhula yekha m'njira. Anakumana ndi Hellen, mlangizi wa zaumoyo woyandikana naye nyumba, namufotokozera zonse.

"Musangokhala, amama," anatero Hellen. "Aimbireni foni achitumize pa lole yotsika mawa."

Foni ya ku Chelinda imagwira ikafuna. Anayesa mpaka chala kutopa, kenako Hezron anayankha. Mawa lake dalaivala anabweretsadi envelopu. Rahab ataitsegula, anakumana ndi nkhope ya mwamuna wake, ndevu zili nyankhalala. Munthu wosamala uja anali atatumiza chiphaso chake chomwe!

Mtima unamuwawa Rahab, misozi inalengeza.

"A Hellen, nanga sindingalembetse ndi chomwechi? Paja mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi."

Hellen anaseka. "Kutchalitchi inde. Kukalembera amayang'ana nkhope ndi dzina la mwini wake. Kugwiritsa ntchito chiphaso cha wina ndi mlandu, ngakhale akhale amuna anu."

Rahab sanatumenso munthu. Anamanga chitenje m'chiuno, nakwera yekha lole yobwerera ku Nyika. Msewu wake ndi wogwedeza matumbo. Anafika ali mbuu ndi fumbi, akunjenjemera ndi chisanu, napeza Hezron akusenda mbatata kukhitchini.

"Bambo a Temwa, chanu ndi ichi. Changa chibwere."

"Mwavutikiranji? Ine ndimangokusungirani."

"Mwasunga, yewo, zikomo. Nanga pamzere mukandiimira ndinu? Madzi a kudambo timwa mpaka liti?"

Hezron anapukuta manja mwamanyazi, nachipereka.

Loweruka masana pasukulu paja, anthu atatsala ochepa pamzere, Rahab anajambulidwa ndi kulandira kapepala kake kovotera. Anapuma mpweya wautali ngati watula mtolo wa nkhuni.

Pa msonkhano wa Umanyano wotsatira, anafunsa amayi amene ziphaso zawo zili m'manja mwa amuna awo kuti aimike manja. Manja anaima ambiri, mpaka dzanja la mayi busa.

"Amayi anzanga," anatero Rahab, "chiphaso cha unzika ndi cha mwini wake. Sungani nokha, ndipo muonetsetse kuti chilipo kalembera wina asanayambe. Popanda icho simulembetsa, ndipo wosalembetsa savota. Lero lomwe mukafika kunyumba, mukachiitanitse."