Simbi Pansi pa Tebulo

"Amayi, kodi simbi ikasiya kufuka utsi ndiye kuti yagona?"

Mwana wamkulu anafunsa choncho tsiku lina, mayi ake nkungoseka. Ntchito yawo inali yochapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo chipinda chinali chimodzi chomwecho: bedi, tebulo lodzaza malaya a eni ake, ndi kanjira kopita kukhomo. Akamaliza kusita, simbi ya makala ankaiika pansi pa tebulo, kuopa kupsereza diresi la munthu. Sanaganizireko zoti wamng'ono, amene ankamutcha Kadzidzi chifukwa cha maso ake aakulu, wayamba kukwawa.

M'mawa wina anamva kulira kwachilendo. Atatembenuka anapeza Kadzidzi pansi pa tebulo, chikhatho chonse chili psuu. Anatenga mankhwala otsukira mano pawindo kuti apake pabalapo, monga anaonera ena akuchitira.

"Aneba, ikani pansi zimenezo." Anali bambo wowotcherera zitsulo wa khomo loyandikana nalo, ataima pakhomo. "Amenewo ndi a mano. Mwanayu mano ali nawo angati?"

Anamunyamula kupita naye pampopi, natsegula madzi pang'ono, nagwira kadzanja kaja m'madzimo. Nthawi inapita. Mayi miyendo inachita dzanzi.

"Basi, wazizidwa," anadandaula.

"Ayi ndithu. Moto ukadali m'kati, ukudyabe mnofu." Anawaonetsa chipsera chokwinyika pamkono pake. "Apa ndinapaka mafuta ophikira. Onani mmene panapolera."

Kuchipatala namwino anamanga balalo, nawachenjeza kuti matuza asawaboole. Mayi anafunsa chimene chinawavutitsa njira yonse, ngati zala zidzatambasukenso. Namwino anati zidzatambasuka bwinobwino, madzi aja anathandiza.

Atabwerako anapita kukathokoza bambo uja. Anangoima, mwana ali kumbuyo, akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Musalire, mungandichititse dzimbiri zitsulo," anatero bamboyo. "Mawa ndikuwotchererani kashelefu. Tikakhomera pamwamba, poti ngakhale wamkuluyu sangafikepo. Simbiyo izikhala pamenepo."

"Ndiye ovolosi yanuyo ndizikuchapirani ine."

"Imeneyi? Sopo amaithawa."

"Sopo wanga sathawa kanthu. Inu khomani shelefu, ine ndichapa, mpaka Kadzidzi adzagwire pensulo ndi dzanja lomweli."

"Tagwirizana, aneba."