Tepi pa Bedi la Nicodemus

Dafroza wakhala akusoka zovala ku Temeke, m'dziko loyandikana ndi Malawi, kuyambira ali mtsikana, ndipo tepi amaidziwa bwino. Munthu wamoyo amamuyeza m'chifuwa, m'chiuno ndi m'mapewa. Koma kuyeza munthu ali chigonere, kuchokera kumutu mpaka kuchidendene, iye ankadziwa kuti ndi ntchito ya okhoma mabokosi a maliro basi.

N'chifukwa chake anadzidzimuka m'mawa umene anasuzumira pagalasi la chipinda cha odwala mwakayakaya, n'kuona namwino akutambasula tepi pa mwamuna wake. Mwamunayo, Nicodemus, dalaivala wa minibasi za daladala, anali atagwidwa ndi chibayo choopsa. Kupuma kunamukanika, ndipo madokotala anamulowetsa paipi kukhosi kuti makina azimupumitsa.

"Alamu, awayeza," Dafroza ananong'oneza Isack, mng'ono wa mwamuna wake. "Anthuwa ataya kale mtima. Amayi ku Nkhotakota tiwauza chiyani?"

Isack amamata matayala a bajaji, njinga zamoto za matayala atatu, ndipo kwa iye vuto lililonse padziko pano limatha ukawonjezera mpweya. Nthawi yoona odwala itakwana, anaima pafupi ndi bedi n'kuyang'anitsitsa chifuwa cha mkulu wake.

"Shemeji," anatero kwa mlamu wakeyo, "taonani. Chifuwa chikungokwera pang'ono. Munthu wonenepa chonchi azipatsidwa mpweya wa khanda? Akuwaumira dala, poti awayeza kale. Makinawa ofunika kuwonjezera."

Dafroza anachita mantha, koma sanamuletse. Mumtima ankagwirizana naye. Namwino atatembenukira kwa wodwala wina, Isack anatabwanya mabatani n'kupotokola kachitsulo kozungulira. Chifuwa cha Nicodemus chinatukuka kwambiri, makina n'kuyamba kulira mokweza.

Namwino uja, Sista Theresia, anafika chothamanga. Anabwezeretsa manambala, anaitana dokotala, ndipo Dafroza ndi Isack anawatulutsa panja. Posakhalitsa anaona makina ojambulira m'chifuwa akulowetsedwa m'chipindamo. Dafroza anakhala pabenchi. Ankaopa kuti mwamuna wake amupha okha.

Sista Theresia atatuluka anawalankhula m'Chichewa chosakaniza ndi chinenero cha kumeneko, pakuti mayi ake ndi a ku Malawi ngakhale iye anabadwira komweko ku Ilala.

"Kaka, achimwene, munafuna kuchita chiyani?"

"Mpweya unachepa, Sista," anayankha Isack maso ali pansi. "Komanso tinaona mwawayeza. Tinati basi mukukonzekera bokosi."

Namwinoyo anagwira pakamwa. "Pole sana, pepani, ndinalakwa kusakufotokozerani. Tepi ija ndi ya moyo. Mapapo a munthu amakula motsatira kutalika kwake. Mimba imanenepa, mapapo sanenepa. Ndiye timayeza msinkhu kuti tidziwe mpweya wokwanira pa kupuma kulikonse."

"Nanga bwanji chifuwa chikungokwera pang'ono?" anafunsa Dafroza.

"Mama, mapapo a bambowa atupa ndipo muli madzi. Mbali imene ikugwirabe ntchito ndi yaing'ono, yofooka. Tikakankhiramo mpweya wambiri mwamphamvu, imang'ambika, ndipo munthu angafe ndi makina omwe amayenera kumuthandiza. N'chifukwa chake timapereka pang'onopang'ono, koma pafupipafupi, mpaka mapapo achire."

Isack anagwedeza mutu. "Ngati chubu chakale. Ukachipopa kwambiri chimaphulika."

"Eya. Koma chubu mumakagula china ku msika wa Kariakoo. Mapapo a achimwene anu tikagula kuti?"

Isack anakhala pabenchi pambali pa Dafroza. Anadikira mpaka masana, osadya. Kenaka dokotala anabwera n'kunena kuti chithunzi chaonetsa kuti mapapo sanang'ambike, chifukwa namwino anafulumira. Dafroza analira ngati kuti uthengawo unali woipa. Isack analetsedwa kulowanso m'chipindamo, ndipo sanatsutse.

Masiku otsatirawo anali aatali. Dafroza ankabwera m'mawa uliwonse, n'kuyang'ana kachifuwa kokwera pang'ono kaja manja atawapinda kumbuyo. Chilichonse chimene sanachimvetse ankafunsa, mpaka anamwino anamuzolowera.

Tsiku limene anachotsa paipi, Nicodemus anali atawonda, mawu ali osasa. Dafroza anamufotokozera zonse, za tepi ndi za Isack yemwe. Bamboyo anamugwira dzanja.

"Amayi a Neema, mukabwera mawa mutenge tepi yanu. Mathalauza onse akhwepa. Koma mundiyeze nditaimirira."

Phunziro: Wodwala akakhala pa makina opumira, mpweya wambiri ungavulaze mapapo ake. Musakhudze makinawo. Chimene chakuopsani, funsani namwino kapena dokotala.