Mpando wa Felipa

Felipa Aruquipa anasankhidwa kukhala khansala wa katauni kawo ka kumapiri. Nthawi yake itafika pakati, amuna a chipani anati zakwana, mpando ausiyire wachiwiri wake, Nemesio Callisaya. Ati ndi mmene zimakhalira: mkazi amafunditsa mpando, mwamuna n'kudzakhalapo.

Felipa anakana. Sanali wodziwa kuyankhula, ankangobwereza kuti lamulo siliyang'ana siketi kapena thalauza, ndipo anthu anavotera iyeyo.

Tsiku la msika amuna aja anamutsekera mu holo ya khonsolo. Nemesio anaika pepala losiya udindo patebulo.

"Sainani, mlongo, mukasende mbatata. Ana akukudikirani."

"Kodi inu, achimwene, anakuvoterani ndani? Nkhosa zanu?"

Wina anaseka. Kuseka kuja n'kumene kunaipitsa zinthu. Chikoti chinatera pamsana pa Felipa, china pakhutu, khutu n'kuyamba kulira. Atagwa anamuponda m'nthiti. Nemesio anatenga lumo lometera nkhosa n'kudula tsitsi lake loluka, lomwe sanalidulepo chibadwire. Felipa analiona lili pansi ngati njoka yakufa, ndipo anasaina. Anachita manyazi kuti dzanja silinanjenjemere n'komwe.

Koma mlembi wa khonsolo anawauza kuti pepala lotere silivomerezeka pokhapokha mwini wake atakalipereka yekha ku ofesi ya zisankho. Mawa lake Nemesio anakwera naye minibasi ya ku mzinda wa La Paz, komwe kunali ofesiyo, atamuika pakati pa amuna ena awiri. Bampu iliyonse inkamubaya m'nthiti.

Ku ofesi anapeza mayi wamagalasi. Mayiyo anawerenga pepala, kenako anayang'ana khutu lotupa lija.

"Mayi Aruquipa, mukusiya udindowu mwa kufuna kwanu?"

"Atopa," anatero Nemesio. "Ntchito za amuna izi."

"Ndafunsa iwo, bambo."

Felipa anaganiza za nyumba yake ya denga laudzu, ndi mmene udzu wouma umayakira.

"Ayi," anatero motsitsa. "Andimenya. Awa, ndi awo aima pakhomowo."

Nemesio anawerama n'kumunong'oneza: "Ubwerera bwanji kwanu, iwe?"

Mayi uja anadinda pepala kuti lakanidwa, n'kukodola wapolisi. Felipa anafunsa mayiyo ngati pali basi ina yobwerera kwawo, chifukwa khonsolo imakumana Lolemba.