Zitenje Ziwiri za Reinford

"Sitima ikaima kwa eni, usachoke pagulu. Mlendo ndi nkhuku yoyera."

Anatero aNangondo pa geti la ku South C mu Nairobi, tsiku limene mwana wawo Reinford ankanyamuka kupita ku Mombasa kukakwera sitima ya pamadzi ya alendo oona malo. Iye anangoseka. Anatenga mkazi wake Lorna. Mayi ake anawasiya ndi wailesi.

Tsopano, sabata ziwiri zitatha, bokosi la maliro a Reinford linali ku mochale kudikira ndege ya ku Lilongwe. M'nyumba munadzaza Amalawi a mu Nairobi, ena ochokera ku Karen, ena ku Utawala. ANangondo anakhala pamphasa, msana atalozetsa kwa mpongozi wawo.

"Ine ndinabereka, wina n'kukwera sitima," anatero mokweza. "Ngakhale mapiri a ku Ngong omwewa sanandionetseko. Koma Madam, mpaka panyanja!"

"Amayi, anthu akumva," ananong'ona Immaculata, mlongo wa malemu.

"Amve! Tikafika ku Ntcheu, kumutu kwa bokosi ndikakhala ndekha. Iyeyu akakhale panja ndi alendo."

Lorna analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi jumbo imene apolisi a pachilumba cha Madagascar anamupatsa. Anagwada.

"Amayi, simunandifunse mmene anafera."

"Akuba. Ndinamva. Mumamukoka m'misika kuti akugulireni zinthu."

"Chitenje anandiguliradi, ku Madagascar kuja. Tinali pagulu, wotitsogolera ali patsogolo. Anatiuza kuti kamera tibise, ndipo tisalowe m'tinjira ta kuseri kwa msika. Tinabwerera bwinobwino mpaka padoko. Phazi lili kale pamakwerero, amuna anga anaima. Akuti, ‘Ndagula chimodzi chokha. Amayi akachiona pathupi pako sadya masiku atatu.’"

Immaculata anaweramitsa mutu. Ankadziwa. Nsapato, maambulera, ngakhale mafuta odzola, Reinford ankagula ziwiriziwiri chikwatirireni, kuti m'nyumba mukhale mtendere.

"Ndinati tikagula china ku Mombasa," anapitiriza Lorna. "Anakana, akuti chikakhala chosiyana mudzati changa ndiye chokongola. Anathamanga yekha, kamera ili pakhosi, kudzera njira yachidule. Sitima inalira kawiri. Anamupeza kuseri kwa msika atamubaya. Kamera, wotchi, chikwama, zonse anatenga. Jumbo yokhayi ndiyo anali ataigonera."

Amayi amene ankaimba pakhonde anasiya nyimbo.

ANangondo anatembenuka pang'onopang'ono. Anatulutsa chitenje m'jumbomo: chobiriwira, cha maluwa oyera, chisanachapidwe.

"Chanucho chili kuti?"

Lorna anakachitenga.

Gogoyo anayala ziwirizo pamphasa, china pamwamba pa chinzake. Analinganiza ngodya ndi ngodya. Anayeza ndi mkono, m'litali ndi m'lifupi. Anapenda maluwa, kenaka anatikita nsalu pakati pa zala kuti amve ngati china chinali cholimba kuposa chinzake. Anthu ankangoyang'ana.

Sanapeze kusiyana ngakhale kwa ulusi umodzi.

Anakhala nthawi yaitali manja ali pansalupo. Kenaka anasendera kumbali, n'kusiya malo pamphasa okwana munthu mmodzi.

"Mwana wosamva," anatero. "Mpaka mtundu womwewo."